Njinga ya batire, sitima ya ku Kanengo ndi zina zili m'kamwa mu Lilongwe

Chiyambire pamene mafuta anayamba kuvuta mu 2022, mzere wa pa filing'i siteshoni wasanduka bwalo la nkhani. Anthu oti sadziwana amagawana chimanga chootcha, wina n'kusungira mnzake malo, ndipo pofika madzulo aliyense amakhala atakonza kale ndondomeko ya mtengatenga ya dziko lonse. Nkhani zimenezi zasefukira m'maminibasi, m'magalaja ndi pa bawo. Masiku ano yomwe yatenga malo ndi yakuti petulo ndi dizilo zikupita kokatha, ndiye ife tidzayenda bwanji?

Oyamba kuitola ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Pa siteji ina ku Area 25 mkangano unabuka mmodzi atafotokoza njinga yomwe anakumana nayo m'tauni: yopanda thanki, yopanda ekizozi, yongodutsa mwakachetechete. Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Aise, njinga yosalira kasitomala aidziwa bwanji kuti yafika?" Wina anati ya choncho ingamuchititse tulo pa chiwongolero. Koma panali mnyamata wina wofatsa yemwe anangotola kamtengo n'kuyamba kulemba masamu pansi. Analemba zomwe amapeza pa tsiku, n'kuchotsapo za petulo, za oyilo, za mapulagi ndi za bwana mwini njinga. Chotsala chinali chochititsa chisoni moti kuseka kunazilala. Iye anati pa njinga ya batire oyilo wa injini ndi mapulagi palibe, ndipo sugona pa mzere ndi chigubu.

Mnyamatayu sankalota. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, kuyambira mu Januwale 2025 boma linasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zoti zizinyamula anthu mumzindawo. Akabaza a kumeneko sadikira kuti batire idzaze. Amafika pa siteshoni, kutula yakutha, kutenga yodzaza n'kumapita, monga timachitira ndi botolo la chakumwa pa okala. Atamva zimenezi, mmodzi mwa oseka aja anafunsa funso lomwe lili pakamwa pa mzinda wonse: "Nanga magetsi akathima?"

Funsoli si lachibwana. Anthu sanaiwale namondwe Ana wa mu Januwale 2022, yemwe anawononga damu la Kapichira n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ometa ndi owotcherera zitsulo akali kusimba za mdima umenewo. Komabe ine ndili kumbali ya mnyamata wa kamtengo uja. Lita iliyonse ya petulo imachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo imafuna madola omwe tilibe. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo dzuwa layamba kuthandizapo: ku Salima kuli malo opanga mamegawati 60, ku Golomoti 20 ndi mabatire osungira. Madzi a Shire ndi dzuwa la ku Salima sitiitanitsa pa doko la munthu. Kuonjezera magetsi ndi ntchito yolemetsa, koma ndi ntchito yomwe ili m'manja mwathu.

Ku Biwi, kwa amakaniko, nkhani yomweyi yafika ndi mantha pang'ono. Kumeneko kwamveka za Ethiopia, yomwe mu 2024 inaletsa kuitanitsa magalimoto a petulo ndi dizilo, podalira magetsi a damu lake lalikulu la pa Blue Nile. Wogulitsa zipangizo wina anati zikatere kuno, theka la Biwi libwerera kumudzi kukalima fodya. Mdala wina yemwe wakhala akumasula mainjini kuyambira nthawi ya ma Peugeot 504 anatuluka pansi pa Sienta, manja ali bii, n'kumukhazika mtima pansi. "Achimwene, galimoto ya magetsi imauluka? Maenje ndi omwewa. Masipuling'i athyoka, mabuleki atha, matayala aphulika. Nsima tidya." Kenaka anatembenukira kwa kamnyamata kake kophunzira ntchito n'kukauza kuti kayambe kuchita chidwi ndi mawaya, chifukwa m'tsogolo sipanala yokha siidzakwanira. Langizo limeneli lifike ku sukulu zathu za ntchito zamanja.

Pa bawo ku Kawale ndiye pali madala omwe sakugwedezeka n'komwe. Iwo akuti zonsezi tinayamba kalekale, azungu asanayambe kuzikamba pa misonkhano. Ndipo akunena zoona: kuyambira mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku madzi akuda aja otsala popanga shuga, n'kumasakaniza ndi petulo. Mu 2004 PressCane inayamba ntchito yomweyo ku Chikwawa. Mnyamata wina woonerera bawo anatsegula pakamwa: "Ndiye kuti galimoto ya abwana anga imamwa kachasu?" Madala anamuyankha kuti inde, koma mwaulemu, pang'onopang'ono, ndipo siidzandira. Vuto lomwe madalawo amavomereza okha ndi lakuti nzimbe zili ndi malire, ndipo shuga, chakudya ndi mafuta zonse zikulimbirana dimba limodzi.

Nkhani yokoma kwambiri ikuchokera kwa amayi a geni opita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Akabwera ndi zitenje ndi nsapato amabweranso ndi nkhani za mabasi a mwendokasi a ku Dar es Salaam, omwe kuyambira mu 2016 ali ndi msewu wawowawo pakati pa msewu waukulu. Magalimoto a mabwana ali ndiii pa mdipiti, basi ya anthu wamba ikungodutsa. Amasimbanso za sitima ya magetsi yomwe inayamba mu 2024 kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Morogoro ndi Dodoma, yoti tiyi sakhutuka m'kapu. Mayi wina ataifotokoza mu minibasi ya ku Chinsapo, kondakitala anapsa mtima ngati wanyozedwa iyeyo. "Amayi, basi yanu ya nthawiyo idzakutsitsani pa chigayo penipeni? Idzakunyamulirani thumba la mbatata? Idzakukhululukirani mukaperewera ya chenje?" Minibasi yonse inafa ndi phwete, ndipo ena anamuombera m'manja. Bambo wina wachikulire wa ku Ndirande anakumbutsa anthu kuti Blantyre inali ndi mabasi osanja a Stagecoach oyenda pa nthawi yake, ndipo palibe ankakhala anayi pa mpando wa anthu atatu. Kondakitala anangoti, "Madala, sunthani pang'ono, pali malo apo."

Kondakitalayo ali ndi mfundo yofunika kuimva. Minibasi ikudyetsa dalaivala, kondakitala, woitanira, wotsuka ndi mabanja awo. Tsiku lomwe Lilongwe idzakhale ndi mabasi akuluakulu, anthu amenewa adzafunika kukhala mkati mwa dongosololo, osati kungouzidwa kuti achoke pa depoti.

Za sitima yathu nazo zikukambidwa. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafika ku Kanengo patapita zaka zoposa 20 mafuta asakufika kumeneko pa njanji, ndipo anthu anathamangira kukaiona. Sitima imodzi imanyamula katundu wa magalimoto akuluakulu ambirimbiri, ndipo siikumba maenje pa M1. Madalaivala a magalimoto onyamula mafuta sakuikonda kwenikweni nkhaniyi. A ku Nsanje okhala mu mzinda muno akufunsa za njanji ya Marka ndi Bangula, ndipo akale amakumbutsa kuti chiyambire pamene madzi anadula njanji pa Chiromo mu 1997, chigwa cha Shire chinasiyidwa padera.

Pali anthu ena omwe pa mikangano yonseyi satchulidwa, chonsecho ndi amene akhala akuyenda osatulutsa utsi kuyambira kalekale. Imani pa msewu wochokera ku Mtandire kapena ku Kauma kusanache bwino. Muona alonda akuweruka, amayi atasenza madengu a masamba, ana a sukulu, amisiri atanyamula zida, onse pansi, m'mbali mwa phula momwe fumbi ndi matope zimasinthana. Pakati pawo pali wakabaza wa njinga yakapalasa. Yang'anani njinga yake: kampando ka kumbuyo kokutidwa ndi siponji ndi chikopa chofiira, zopondera za kasitomala zowotcherera, kalilole mbali zonse, belu, kanambala kopentedwa pamanja ndi mawu a chilimbikitso pa madigadi. Munthu ameneyu safuna dola ngakhale imodzi kuti afikitse mayi ndi mwana ku chipatala. Chomwe amalandira pa msewu ndi hutala ndi kukankhidwira mu ngalande.

Mzinda wakuza misewu. Msewu wa Kenyatta wakula, pa Area 18 magalimoto amadutsana pamwamba ndi pansi, ndipo ndi zokongola. Koma misewu yolowa m'makwalala momwe anthu ambiri amachokera ikadali yopanda poyenda anthu, yopanda mpata wa njinga, yopanda nyale. Kukonza zimenezi n'kotchipa kuposa china chilichonse chomwe chatchulidwa pa mzere wa mafuta, ndipo kungapulumutse miyoyo chaka chomwe chino.

Akabaza a njinga zakapalasa a pa siteji ina ku Lumbadzi nawo amva kuti kunja kuli njinga zopalasa zokhala ndi kabatire kothandiza pa chitunda. Achinyamata akuifuna mawa lomwe. Wamkulu wa pa sitejipo, yemwe minofu ya miyendo yake ndi yolimba zedi, wati aiganizira akamva mtengo wake komanso ngati imapirira matumba awiri a chimanga. Pakadali pano wapempha zinthu ziwiri kwa khansala: mzere woyera wopatula njira ya njinga m'mbali mwa M1, ndi kashedi koti azibisalamo mvula ikayamba.