Sabata imene a Shefi anayamba kuyenda wapansi

Ku Ulongwe mimba ya mwamuna si yake yekha. Ndi ya mkazi wake, ya apongozi, ya mpingo, ngakhalenso ya ofesi. Munthu akalembedwa ntchito ya boma kapena ya ku kampani ya fodya, palibe amamufunsa kuti amalandira mametikali angati. Anthu amangoyang'ana batani lachitatu la malaya. Likayamba kuvutika, ndiye kuti mayi akunyumba amadziwa kusamala, ndipo akuchikazi amayenda monyadira pamsika. Choncho mutha kumvetsa chipwirikiti chimene chinabuka mumzere wa nyumba zathu pamene a Shefi, anansi anga a kuseri kwa mpanda, anabwerako ku Tete ndi kapepala ka adokotala. Kanali ndi mawu ochepa: magazi akuthamanga, shuga ali pakhomo, makilo khumi achoke.

Timawatchula a Shefi ngakhale kuti kuntchito kwawo ali ndi mashefi atatu pamwamba ndi mesenjala mmodzi pansi.

Nkhondo inayambira kukhitchini Lolemba. Kapepala kaja kanamatidwa pafiriji, ndipo lamulo loyamba linagwera ufa woyera. Kuyambira tsikulo nsima ikhala ya mgaiwa. Kunena n'kosavuta, koma ndani akagayitse? Mkazi wa bwana kutumiza chimanga kuchigayo osakonola, amayi onse a pamzere wa madengu akuona, ndiye kuti dzuwa lisanafike paliwombo tauni yonse yamva kuti bambo achotsedwa ntchito. Mayi anaganiza mofulumira. Anamutuma mnyamata wantchito ku chigayo chakutali, cha kunjira ya ku Calómuè, n'kumulangiza kuti wina akafunsa anene kuti ndi chakudya cha nkhuku.

Lamulo lachiwiri ndi limene linawawa. Chipisi ayi. Tsono dziko lino ndi la kachewere. Malole amachoka kuno ndi ku Tsangano atasenza matumba mpaka matayala kuphwa, kupita ku Tete, ku Beira, ena kuwoloka malire. Pangodya iliyonse pali chiwaya, ndipo fungo lake limakulondola mpaka m'tchalitchi. Kumuuza mwana wa ku Angónia kuti kachewere azidya wowiritsa, mbatata ziwiri, popanda mafuta, kuli ngati kum'khazika msodzi wa ku Cahora Bassa m'bwato n'kumuletsa kuyang'ana m'madzi. Mafuta ophikira anayamba kuyezedwa ndi kasupuni ka tiyi. Mchere unabisidwa. Patebulo panabwera bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera, ndiwo zimene banjali linazisiya kumudzi pamodzi ndi koloboyi.

Mwatsoka, sabata yomweyo n'kuti apongozi atabwera kuchokera ku Domwe ndi thumba la nyemba zoti agulitse. Anavundukula mbale, n'kuvundikiranso. Anamukokera mwana wawo kuseri kwa bafa, ndipo pakuti mpanda wathu ndi wa udzu, ndinamva zonse popanda kuchimwa.

"Iwe, usandibisire. Bambo ali ndi ngongole?"

"Ayi amayi, ndi adokotala anena."

"Adokotala anena kuti muzidya chisoso? Ndiye munalipira basi mpaka ku Tete kukamva zimenezo? Bwenzi mutangobwera kumunda kwanga, chadzaza m'mizere, tikuchita kuzula n'kutaya."

Za masewero olimbitsa thupi ndiye zinafuna zovala poyamba, chifukwa m'tauni munthu sangangodzuka n'kuyamba kuyenda ngati wosowa chochita. A Shefi anali atapita kale ku Lizulu, kumene msewu wokha ndiwo umalekanitsa Mozambique ndi Malawi, n'kusankha pa kaunjika tirakisuti yofiira ndi nsapato zoyera mbee, kulipira makwacha atakangana ndi wosintha ndalama kwa theka la ola. Lachiwiri m'mamawa, nkhuku zisanatsike, anatuluka pageti. Amene anakhalako kuno mwezi wa June akudziwa kuzizira kwake. Nkhungu imakhala yoti sungaone galu amene akukuuwa, ndipo madzi a m'ndowa amaluma zala. A Shefi anavala chipewa cha ulusi, jekete pamwamba pa tirakisuti, mpango wa mayi m'khosi, moti zovala zamasewero zija zinkangooneka m'maondo.

Sanayende patali, njinga yamoto inaima pambali pawo.

"Shefi, galimoto yafa? Kwerani."

"Ayi mphwanga, ndikuchita masewero."

"Kwerani basi, mukachitire komwe mukupitako."

Atakana, kunabwera wakabaza. Atakananso, kunabwera wina, n'kutsitsa mtengo, poganiza kuti vuto ndi ndalama. Wachinayi sanalankhule n'komwe. Anangowatsatira pang'onopang'ono m'mbuyo, kudikira kuti atope. Mnyamata ameneyu ndi amene ndimamuona kuti adzalemera, chifukwa pobwerera a Shefi anatsikira pangodya ya kuseri kwa sukulu kuti afike pageti wapansi, akupuma mwamphamvu.

Nthawi imeneyo msewu umakhala kale ndi eni ake. Amayi ochokera kumidzi amakhala akulowa m'tauni ndi madengu a kabichi ndi tomato pamutu, mwana kumsana, atayenda kuyambira tambala woyamba. Abambo amakankha njinga zosenza matumba atatu a makala pachitunda. Anthu amenewa sanamvepo zoti kuyenda kuli ndi yunifolomu yake. Mayi wina ataona bwana wonenepa akuponya manja uku ndi uku mumdima, anapatuka, n'kugwada pang'ono: "Pepani bambo, zachitikira kuti?" Kwawo munthu wamkulu akamayenda mothamanga nthawi ngati imeneyo ndiye kuti wanyamula uthenga wa maliro.

Komabe foni inawerenga mapazi, ndipo nambala inaikidwa pa WhatsApp kuti onse a kuofesi aone. Apa ndi pamene panagona nkhani yonse, chifukwa kuno chinthu chimene anzako sanachione sichinachitike. Lachitatu nambala ija inakwera kawiri. Lachinayi inakwera katatu, mpaka shefi wa a Shefi anatumiza kachithunzi ka kuwomba m'manja. Ine ndinadabwa, poti masiku awiri onsewo ndinawaona ali pakhonde ndi kapu ya tiyi wopanda shuga, nkhope ili ngati akumwa mankhwala. Chinsinsi chinaululika pamene mayi anaimba foni ya bambo, n'kuyankha mnyamata wantchito ali pamzere kumjigo.

Pofika pakati pa sabata mphekesera zinali zitagawika patatu. Ena ankati munthu wotuluka usiku atavala zofiira ali ndi zake zimene akukhwimira, mwina akufuna mpando wa mkulu wake. Ena ankati kuli kanyumba kena kumene amakafika. Achifundo okha ndi amene anati akudwala, ndipo achifundowo ndi amene anawononga zambiri. Lachinayi masana kunafika amayi a kumpingo asanu ndi mmodzi, atavala zitenje zofanana, kudzazonda matenda. Anabwera ndi nkhuku yokazinga, beseni la mandasi ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera. Anapemphera, anaimba, kenako anakhala chete kudikira kuti aone ngati wodwala angathe kudya. Kodi mukanakhala inu mukanatani? Kukana chakudya cha odzazonda ndi kunyoza, komanso ndi kutsimikiza kuti matenda ndi aakulu. A Shefi anadya ntchafu, chiganga ndi mandasi anayi pofuna kuteteza mbiri ya banja. Amayi aja anabwerera akuyamika kuti pemphero layankhidwa pompopompo.

Madzulo ndi a wailesi yakanema, ndipo rimoti ili ndi malamulo ake olowa ufumu. Bambo amaigwira pa nthawi ya nkhani za TVM, n'kumagwedeza mutu pa zochitika ku Maputo, ngakhale kuti za mtengo wa feteleza ndi za kugwa kwa kwacha amazimvera m'mawa pa Zodiak, poti zimene zimakhudza thumba lawo zimachokera ku Dedza. Nkhani zikatha, ufumu umapita kuchikazi, ndipo novela ya ku Brazil pa Miramar imayamba. Apongozi Chipwitikizi chawo chimathera pa moni, koma palibe amene amaitsata nkhani kuposa iwo. Anazindikira tsiku loyamba lomwe kuti mkazi wa tsitsi lalitali uja ndi mfiti, pamene ena onse anadikira mpaka Lachisanu. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti m'nyumba zonse zija sanaonemo munthu akusonkha moto. "Anthu awa amangokhalira kulira ndi kupsompsonana. Amadya nthawi yanji? Ali ndi minda?" A Shefi anali atalonjeza kuti pa nthawi ya malonda azigona pansi n'kumadzuka kakhumi. Kugona pansiko anagonadi.

Tsopano za buku. Adokotala ananenanso kuti achepetse nkhawa, ndipo aphunzitsi ena a kusekondale anawabwereka Ualalapi, buku la Ungulani Ba Ka Khosa la mu 1987, lonena za Ngungunhane, mfumu ya ku Gaza. Bukulo ndi lopyapyala, koma linagwira ntchito yaikulu. Linapita kuofesi lili kukhwapa, chikuto chikuyang'ana kunja. Linakhala patebulo la kubala pamene mwini wake ankamwa madzi. Madzulo linkatsegulidwa pakhonde, mpando utayang'ana kumsewu. Kachiphaso ka basi kamene ankaikira chizindikiro sikanasunthe kwambiri, koma anawerenga zokwanira kumva kuti msilikali Ualalapi anatumidwa kukapha Mafemane, m'bale wake wa mfumuyo, kuti mpando usakhale ndi oulimbirana. A Shefi anandiitana pampanda n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, bukuli likunena za kuofesi kwathu."

Lachisanu usiku, novela itafika pamene mfiti ija imatsegula kalata, nyumba yonse inada bii. Mayunitsi anali atatha, ndipo amene anaiwala kugula Credelec anali mwini nyumba. Ali mkati molimbana ndi foni kuti agule, anaona kuti mpata wapezeka wophunzitsa banja. Kandulo ili pakati, anafotokoza zimene aphunzitsi aja anawauza: kuti Ngungunhane anagwidwa ndi Apwitikizi ku Chaimite mu 1895, kuti anakafera kuzilumba za Açores mu 1906, kuti mu 1985 bokosi lake linabwezedwa ku Maputo ndi ulemu waukulu, ndiponso kuti Mia Couto analemba mabuku atatu athunthu potsata mphekesera yoti m'bokosimo munali mchenga chabe. Anamaliza ndi kudziguguda pachifuwa: "Amenewo ndi abale athu, ife Angoni."

Apongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anayang'ana kandulo.

"Tawafunsa bambo, Chikuse ali patsamba liti?"

Panalibe tsamba la Chikuse. Ndiye gogoyo anayamba yekha, mawu ali pansipansi. Ananena za Angoni a kwa Maseko mmene anadzakhazikira m'tsinde mwa phiri la Domwe, phiri lomwe a Shefi amaliona tsiku lililonse koma sanalikwerepo. Ananena za mfumu yawo Chikuse ndi ng'ombe zake, za azungu awiri osiyana zilankhulo amene anagawana dziko pakati pa anthu a mfumu imodzi, za Gomani mwana wa Chikuse amene Angerezi anamupha mu 1896 tsidya linalo. Zaka ndawonjezera ndine, gogoyo amawerenga ndi njala ndi dzombe. Kenako anafika pa zake, za nkhondo ija inatha mu 1992: mmene anayendera usiku wonse kulowera ku Dedza, mphika pamutu, mayi akunyumba ano ali kumsana, osayatsa moto, osatsokomola. "Tinaonda ife popanda nsapato zoyera," anatero, akuyang'anabe kandulo.

Adzukulu anali kukamwa yasa. Ine kuseri kwa mpanda ndinkadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani mfumu ya kum'mwera ili ndi mabuku anayi m'chikwama cha aphunzitsi, pamene ya pakhomo pano ikusungidwa m'mutu mwa gogo wogulitsa nyemba. Koma ndisanaganize zambiri, mayunitsi analowa, magetsi anayaka, ndipo woyamba kutembenuka anali gogo yemweyo, chiganizo chili pakati: "Takweza mawu, waiwerenga kalata ija?"

Loweruka linali 25 June, tsiku la ufulu. A Shefi anaguba nawo kuchoka pamsewu kukafika pabwalo, mtunda woti mwana amathamanga osapuma, ndipo anati masewero a tsikulo akwana. Madzulo kunali kanyenya wa mbuzi ya ku Tete, chipisi ndi 2M wozizira. Anafotokozera aliyense kuti kapepala ka adokotala sikanatchule za maholide.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi anaganiza zokadziyeza. Kuchipatala kunali kutali, komanso kunali mzere, choncho anapita kwa venda wina wogula soya ndi nyemba pafupi ndi msika, amene ali ndi sikelo yaikulu ya matumba. Anavula nsapato ndi jekete, anapatsira mwana foni ndi makiyi, n'kukwera. Muvi unagwedezeka, n'kuima. Makilo asanu ndi limodzi anali atachoka, sabata imodzi yokha! Anajambula sikeloyo, anatumiza kuofesi, anagulira venda chakumwa, ndipo pofika kunyumba analamula kuti ufa woyera ubwerere, poti mgaiwa wamaliza ntchito yake.

Apongozi anali pamkeka akumanga katundu wawo. Anafunsa mwana wawo kuti bambo akayezera kwa ndani. Atauzidwa, anamanga mfundo ya chitenje mwamphamvu.

"Yemwe uja wa chipewa chobiriwira? Nanenso nyemba zanga zinaonda makilo asanu ndi limodzi pa sikelo yomweyo."