Buwe wagona chagada ku Chileka

Ku Chileka timadziwika ndi ndege komanso Ma Blacks. Tsopano onjezanipo mnyamata wina wa Fomu 3 amene akuweta kangaude. Musaganize za kakangaude ka kudenga kotchera ntchentche. Uyu ndi buwe, chikangaude chaubweya chokhala kuuna, chimene ku Ulaya ndi ku America amachitcha tarantula n'kumachigula ndi ndalama. Mnyamatayu ataona zimenezi pa YouTube anakakumba wake kumunda kwa amalume ake ku Lirangwe, n'kumuika m'chigubu choboola chivundikiro.

Pobwerera, minibasi itadutsa pa Lunzu, kondakitala anafunsa: "Mphwanga, katunduyu ndi chiyani?"

"Chiweto, achimwene."

Kondakitala anasuzumira, n'kubweza mutu pang'onopang'ono. "Usalipire. Pa Kameza ukatsike bwinobwino, ndipo ukatinenere zabwino kwa amene wakutuma."

*

Mlandu woyamba unali wa ndiwo. Buwe amadya nkhululu, ziwala, ngumbi ndi mphemvu, ndipo amafuna zamoyo. Pa zinayi zimenezi, zitatu pakhomopo zimadyedwa ndi nsima. Mayi a mnyamatayu atapeza kuti nkhululu zimene anakumba m'mawa zaperewera, sanakalipe. Anangoti: "Iwe, mphemvu zadzaza kuseri kwa kabati. Mlendo wakoyo tsiku lachiwiri lakwana, ayambe ntchito."

*

Kenaka buwe uja anasiya kudya. Sabata inatha, ina n'kutha, iye atamata khomo la una wake ndi ulusi. Agogo anati ndi malungo. Amalume anati wasowa kwawo ku Lirangwe. Mayi anati wakhuta nkhululu zakuba.

Chimene chimachitika n'chakuti chikopa cha kangaude n'cholimba, sichikula. Kuti akule ayenera kufundula, ndipo chikopa chatsopano chikamapangika mkati amakana chakudya, mwina kwa masabata angapo. Akakhala wamng'ono amafundula kangapo pachaka, wamkazi wamkulu kamodzi pachaka kapena kuchepera apo. Ntchito ya mwini wake pa nthawiyi ndi kuika madzi m'kachivundikiro ka botolo, kuchotsa nkhululu iliyonse yotsala m'chigubu, n'kukhala pansi. Apa ndiye povuta, chifukwa Mmalawi sangaone wodwala osamuphikira phala. Agogo anaphikadi, lothira nsinjiro, ndipo amene analimwa ndi amalume.

*

Loweruka madzulo anapeza buwe ali gada, miyendo m'mwamba. Agogo sanafunse munthu. "Mayo ine! Mwana wa eni wafera m'manja mwathu!" Amayi oyandikana nawo anafika akumanga zitenje, wina atanyamula kale nkhuni. Atamva kuti womwalirayo ali m'chigubu, nkhunizo anabwerera nazo.

Kangaude akamafa nthawi zambiri amapinda miyendo kunsi kwa thupi. Akayala ulusi n'kugona chagada, ndiye kuti akufundula, ndipo ntchitoyo imatha kutenga maola angapo. Ukamutembenuza, kumugwedeza kapena kumuwaza madzi, akhoza kukanirira m'chikopa chakalecho n'kuferatu zenizeni. Mnyamata anadziwa zimenezi, koma amalume anali atathyola kale kamtengo.

"Amalume, chonde, musamukhudze."

"Mnzako wagwa, iwe ukungomuyang'ana? Kusukuluko akukuphunzitsani umunthu wanji?"

Anakangana mpaka usiku, mnyamata atakhala patsogolo pa chigubu ndi tochi ya foni. Pansi pa kuwalako chigoba cha pamsana chinatseguka, miyendo n'kumasololoka pang'onopang'ono, yotuwa, yonyowa, yofewa. Amalume anataya kamtengo kaja n'kuvula chipewa.

*

Kutacha, m'chigubu munali akangaude awiri. Chofundula cha buwe chimatsala chathunthu, miyendo, ubweya ndi mano omwe, moti ukachiona msanga sungasiyanitse.

"Dzulo anali mmodzi," anatero agogo. "Mwamuna wakeyu walowera pati?"

Nkhani inafika kwa amfumu isanafike nthawi ya tchalitchi: kwa akutiakuti chinthu chamwalira dzulo, lero chadzuka, chabweranso ndi mnzake. Amfumu, munthu wodziwa malamulo, anakumbutsa anthu kuti lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Atasuzumira okha m'chigubumo anaonjezera: "Koma za kangaude lamulolo silikunenapo kanthu. Aliyense aziganiza zake."

*

Pokumba paja, khasu linadula buwe mwendo umodzi. Atafundula, miyendo inakwananso 8, watsopanowo uli woonda pang'ono. Mano nawo anali atsopano, oyera mbee, ofewa moti sangabaye kanthu. Amadikira sabata kapena awiri kuti ade ndi kulimba, ndipo ukafulumira kuponyamo nkhululu yamoyo, ndiwo ndi zimene zimadya mwini mbale.

Agogo, amene m'kamwa mwawo mwatsala dzino limodzi, anamvetsera zonsezi mwachidwi. "Mdzukulu wanga, ukuti anangogona chagada basi? Popanda kumwa kalikonse?" Masana anawapeza pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ali gada. Palibe anawakhudza.

*

Amalume atalimba mtima anafuna kunyamula buwe kuti ajambulitse. Mnyamata anawaletsa, ndipo anachita bwino. Abale ake a buwe a ku America akakwiya amawaza ubweya woyabwa ngati chitedze. A kuno ku Africa ubweya umenewo alibe, amangoimika miyendo yakutsogolo n'kuluma, ndipo ululu wake munthu amauimbira nyimbo.

*

Chofundula chija chimaululanso ngati buwe ndi wamkazi kapena wamwamuna: amachinyowetsa, n'kuchitambasula, n'kuyang'ana mkati mwa khungu la pamimba. Mnyamata anapeza kuti wake ndi wamkazi. Anauza mayi ake mosangalala kuti wamwamuna akakhwima sakhalitsa, koma wamkazi amatha kupitirira zaka 10.

Mayi anawerenga zala. "Zaka 10? Ndiye kuti pokakwatira udzapita naye kuchikamwini. Ankhoswe adzayambe afotokoza za iyeyo, za iwe pambuyo."