Kodi Nyanja Yamchere Imayambira Pati?

Ndili ndi mafunso angapo kwa inu akuluakulu amene mumatiimira pamisonkhano ya mayiko. Ndi mafunso a munthu wamba, wokhala m'dziko lopanda gombe la nyanja yamchere, amene amangomva pawailesi kuti nduna zakumana ku Nairobi kapena ku Maputo kukambirana zosamalira nyanja ya Indian Ocean. Nkhani yotere ikatha, ambirife timati izo n'za anzathu a ku Mozambique ndi ku Tanzania. Koma kodi n'zawo okha?

Funso loyamba ndi lakuti, nyanja yamchere imayambira pati? Mapu a kusukulu amati imayambira pamene mtunda wathera. Koma taimani pamlatho wa Mudi mu Blantyre mvula yoyamba itangogwa. Madzi ali bii, thovu lili yalaa, ndipo pamwamba pake pakuyandama majumbo, mabotolo a zakumwa, matewera ndi zigamba za masaka. Madzi amenewa sagona mu Blantyre. Amatsetsereka mpaka mu Shire, Shire n'kudutsa Chikwawa, dambo la Elephant Marsh ndi Nsanje, n'kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Zambezi naye amakatula katundu yenseyo m'nyanja cha ku Chinde. Pachipata cha Marka munthu amaimitsidwa kuti aonetse chiphaso, koma madzi amangodutsa ndi zonse zimene asenza. Ndiye ngati botolo lotayidwa ku Ndirande lingathe kukakodwa mu ukonde wa msodzi wa ku Chinde, tinene kuti nyanjayo yayambira ku Chinde kapena ku Ndirande?

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Kuyambira 1891, katundu wobwera ku Nyasaland ankatsitsidwa padoko la Chinde, n'kukwezedwa m'sitima zing'onozing'ono zimene zinkakwera Zambezi ndi Shire. Lero mafuta a galimoto ndi feteleza zimalowera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo fodya, tiyi ndi shuga wathu amatulukira komweko. Doko likavuta, mzere wa galimoto pamalo omwetsera mafuta umatalika ku Lilongwe. Nanga bwanji timakumbukira nyanjayi pokhapokha katundu wathu akachedwa?

Ndamva kuti pangano losamalira nyanjayi lilipo. Linasainidwa ku Nairobi mu 1985, linayamba kugwira ntchito mu 1996, ndipo muli mayiko khumi: Somalia, Kenya, Tanzania, Mozambique, South Africa, Madagascar, Comoros, Seychelles, Mauritius, ndi France chifukwa cha zilumba zake monga Réunion. Mu 2010 mayikowa anaonjezerapo mfundo zolimbana ndi zonyansa zochokera kumtunda, atazindikira kuti zambiri zimene zimaononga nyanja zimabwera ndi mitsinje. Zimenezi n'zanzeru ndithu. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti pamndandandawo palibe Malawi, palibe Zambia, palibe Zimbabwe. France wa ku Ulaya ali ndi mpando, pamene ife amene madzi athu pafupifupi onse amathera m'nyanjamo tilibe. Kodi zonyansa zochokera kumtunda zingathe bwanji eni mtundawo ali kunja kwa bwalo?

Mwina mundiyankha kuti akumtunda tili ndi bwalo lathu. Zoonadi, mayiko 8 a m'chigwa cha Zambezi ali ndi bungwe la ZAMCOM, lomwe pangano lake linasainidwa ku Kasane m'dziko la Botswana mu 2004 ndipo likulu lake lili ku Harare. Koma mtsinje ndi nyanja si madzi amodzi omwewo? Pamudzi, wochapa kumtunda kwa khwawa ndi wotunga madzi akumwa kumunsi akasiyana maganizo, amfumu amawaitanira pabwalo limodzi, sawaweruza masiku osiyana. Mozambique ndi Tanzania okha ndiwo ali m'mabwalo onse awiri. Kodi iwo ndiwo azisenza okha mawu a uku kupita nawo uko?

Ndikufunsa chonchi chifukwa zimene timachita kumtunda zimafikadi kunyanja. Pamene Zambezi amakumana ndi madzi amchere pali nkhalango yaikulu ya mitengo ya mangrove, imene imamera m'matope, mizu yake ili poyera. M'mizu imeneyo ndimo mumakulira nkhanu, tiana ta nsomba ndi ma prawns amene asodzi amakagwira pamalo otchedwa Sofala Bank, ndipo Mozambique amapeza nawo ndalama zakunja. Kale madzi osefukira ankafika kumeneko chaka ndi chaka panyengo yake, atanyamula matope achonde. Damu la Kariba litamangidwa mu 1959, ndi la Cahora Bassa mu 1974, kasefukiridwe ka mtsinjewu kanasintha, ndipo akatswiri akhala akusonyeza kuti ma prawns amachepa madzi a m'dzinja akamafika operewera. Magetsi tonse timawafuna, palibe angakane. Koma kodi tsiku logamula za kutsegula ndi kutseka zipata za damu, msodzi wa ku Chinde amaitanidwa? Ngati saitanidwa, amamulankhulira ndani?

Nayonso nyanja imatibwezera zake. Namondwe wa Freddy anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, mu Febuluwale 2023. Anaoloka nyanja yonse, anamenya Madagascar, analowa mu Mozambique, anabwerera m'nyanja kukatenga mphamvu zina, ndipo mu Malichi anatulukiranso cha ku Quelimane. Patangopita masiku ochepa, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Nsanje kunali maliro okhaokha, ndipo anthu oposa 600 anatisiya m'dziko muno, ena ambiri osapezeka mpaka lero. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, Idai anali atasakaza mzinda wa Beira. Anamondwewa mphamvu amazitenga m'madzi otentha a m'nyanja. Amene amawalondola ndi kuchenjeza chigawo chonsechi ndi akatswiri a zanyengo okhala pachilumba cha Réunion, ndipo uthenga wawo umadzera ku nthambi yathu ya zanyengo kufikira pawailesi ya m'mudzi. Pamenepa mgwirizano ndauona ndi maso, ndipo unapulumutsa miyoyo. Ngati tikutha kugawana uthenga wa namondwe m'maola ochepa, chikutikanika n'chiyani kugawana ntchito yosamalira nyanja imene namondweyo amachokera?

Funso lina landibwerera pamsika. Chambo chitakwera mtengo, mabanja ambiri m'tauni anazolowera kalapao, nsomba ya m'nyanja yamchere imene imabwera itaumitsidwa ndi ayezi m'makatoni. Mayi amene akuikazinga ku Mchesi kapena ku Bangwe mwina nyanjayo sanaionepo, koma ndiwo za ana ake zikuchokera kumeneko. Sitima zikuluzikulu zakunja zikamakokolola nsomba usiku popanda chilolezo, zikubera mayiko a kugombe okha, kapena zikuberanso mphika wa mayiyu?

Lamulo la dziko lonse lokhudza nyanja, limene linasainidwa ku Jamaica mu 1982, limapatsa dziko lililonse la m'mphepete mwa nyanja ulamuliro pa nsomba ndi chuma china mpaka mtunda wa mamailosi 200 a panyanja kuchokera kugombe. Lamulo lomwelo limanenanso kuti mayiko opanda gombe ali ndi ufulu wodutsa kukafika kunyanja, komanso wopatsidwako gawo la nsomba zotsala m'madzi a anansi awo akagwirizana. Malawi anavomereza lamuloli mu 2010. Ndi Amalawi angati anauzidwapo kuti ufulu wotere tili nawo? Ndipo ngati tili ndi ufulu wodyako, tilibenso udindo wolonderako?

Chodabwitsa china n'chakuti pangano la mayiko a SADC lokhudza usodzi linasainidwa kwathu konkuno, mu Blantyre, mu Ogasiti 2001. Mayiko analonjezana kuti azithandizana kuteteza nsomba za m'nyanja, m'mitsinje ndi m'nyanja yamchere, ndiponso kulondola sitima zakuba. Likulu loyendetsa ulonda umenewu anagwirizana pambuyo pake kuti likhale ku Maputo. Papita zaka zoposa makumi awiri chisainireni. Msodzi wa ku Msaka kapena ku Senga Bay mutamufunsa lero chimene chasintha pabwato lake chifukwa cha pangano la mu Blantyre, angakuyankheni chiyani? Mapangano timawayeza ndi kuchuluka kwa misonkhano, kapena ndi nsomba zimene zayanikidwa pathandala?

Ndikufunsa za thandala chifukwa pali malo amene mgwirizano umaoneka ndi maso popanda nduna kusainirana. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira ku Salima, usodzi umatsekedwa m'nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Tsiku lotseka likafika, asodzi amapasula misasa, amakweza maukonde m'mabwato, onse n'kutuluka pachilumbapo. Utaka umatsala ukuswana mwamtendere. Tsiku lotsegula kumakhala mwambo, amfumu amalankhula, malamulo amabwerezedwa pamaso pa onse: mowa ayi, juga ayi, ukonde woletsedwa ayi. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Asodzi amachokera m'maboma osiyanasiyana, ena a zilankhulo zina, koma onse amamvera, chifukwa ukonde wa chilimira ukakokedwa mu Epulo phindu la kudikira aliyense amaliona yekha.

Kutsidya kwa nyanja yamchere, kum'mwera chakumadzulo kwa Madagascar, asodzi a mtundu wa Vezo a m'mudzi wa Andavadoaka anachita zofananazo mu 2004. Anatseka kwa miyezi ingapo malo amodzi ogwirako octopus, nyama ya m'madzi ya miyendo 8 imene amaidalira pa malonda. Potsegula anapeza zakula ndiponso zachuluka. Midzi yoyandikana nayo inatengera, ndipo pambuyo pake asodzi a ku Tanzania, Kenya ndi Mozambique anaphunzirako, ena atachita kupita kukadzionera okha. Nzeruyi inayenda kuchoka pa msodzi kupita pa msodzi mnzake. Ndiye ndikudabwa, pamene mayiko akukonza misonkhano yawo, bwanji wa ku Mbenji ndi wa ku Andavadoaka sakhala patsogolo kuti aphunzitse? Kodi katswiri wa nyanja ndi yekhayo amene anailemba m'buku, kapena ndi uyunso amene anaisunga nsomba zikuswana kwa zaka 70?

Ndisanaloze kutali, ndifunsenso za pakhomo. Nyanja yathu ya Malawi timagawana ndi Tanzania ndi Mozambique. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'zathu, koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo usipa umene uli ku Cobué lero, mawa uli ku Likoma. Anzathu a panyanja ya Victoria, omwe ndi Kenya, Uganda ndi Tanzania, anakhazikitsa bungwe limodzi loona za usodzi mu 1994, likulu lake ku Jinja. A panyanja ya Tanganyika, mayiko anayi kuphatikizapo Zambia, anasainirana pangano mu 2003 ndipo ali ndi ofesi yawo ku Bujumbura. Nanga ife atatu tikudikira chiyani? Ndikudziwa kuti pali mkangano wa malire pakati pa ife ndi Tanzania, wochokera pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890, umene a Joaquim Chissano ndi atsogoleri ena opuma anayesapo kuyanjanitsa. Nkhani imeneyo ndi yaikulu ndipo ili ndi eni ake. Koma kodi sitingagwirizane za kukula kwa maso a ukonde, za kuletsa maneti a udzudzu pogwira kasawala, ndi za mwezi umodzi wotsekera nyanja tonse pamodzi, za malire zikukambidwabe? Chambo chikatha, chidzatha mbali zonse zitatu.

Za majumbo nazonso n'zimodzimodzi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Chikhalirecho majumbowa akhala akupezekabe m'misika, wogula tomato wa mulu umodzi n'kupatsidwa jumbo yakeyake. Ku Kenya analetsa majumbo mu 2017, ku Tanzania mu 2019. Ngati anansi atseka khomo, ife n'kumasiya lathu lotsegula, tidzawayang'ana bwanji kumaso pamsonkhano wokambirana za ukhondo wa nyanja?

Mafunso anga ndi amenewa, ndipo ndikuwafunsa ndi mtima wofunadi kumva mayankho. Inu a boma, kapempheni mpando wa Malawi pamene za Indian Ocean zikukambidwa, ngakhale ukhale wongomvetsera, ndipo mukabwerako mudzatiuze m'Chichewa zimene mwagwirizana. Popita kumeneko mutengeko mfumu ya kunyanja, msodzi, ndi mayi wogulitsa usipa. Mukhalenso pansi ndi Tanzania ndi Mozambique pa nkhani ya nsomba za m'nyanja yathu nsombazo zisanathe. Inu aphunzitsi, pojambula Shire pabolodi musamuthere pa Nsanje, mufikitseni ku Chinde kuti ana adziwe kumene madzi a kwawo amapita. Ndipo inu ndi ine, tisanataye botolo m'ngalande, tikumbukire kuti kumunsi kuli anthu amene amadya za m'madzi omwewo.