Kapentedwe ka Ekizozi: Malangizo kwa Ogulitsa Galimoto ku Thyolo

Kuno ku Thyolo chitsulo sichikalamba mwaulemu. Chiperoni chimene chimanenepetsa tiyi ku Satemwa, ku Makandi ndi ku Naming'omba n'chomwenso chimanyambita kunsi kwa Sienta yanu usiku wonse, ndipo matope ofiira a m'misewu ya m'maesiteti amakakamira pa ekizozi n'kusunga chinyezicho. Ndiye ngati mukufuna kugulitsa galimotoyo mwezi ukatha, tcherani khutu.

Musawononge ndalama pa penti wopirira moto, uja analemba 600°C pachitini. Gulani wamba, wopentera mageti. N'zoona kuti paipi yoyandikana ndi injini imatentha madigiri mazanamazana, pamene penti wamba amatukusira n'kusupuka kutentha kusanafike n'komwe pamenepo. Koma zimenezo akaziona wogula ali pa Bvumbwe, inu mutathimitsa kale foni.

Amakaniko adzakuuzani kuti mupale dzimbiri ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mupukute oyilo yense, pouma ndiye mupope. Anthu amenewa nthawi ali nayo yambiri. Inu poperani pamatope pomwepo. Penti agwira matope, matope agwa pa hampu yoyamba, aliyense wachita mbali yake.

Pachitini analembanso kuti mukhutchumule bwino, muime patali masentimita 20 kapena 30, mupope mopyapyala kawiri kapena katatu, mukudikira pakati. Kuleza mtima kotereku asiyireni othyola tiyi, amene amasankha masamba awiri ndi kansonga kuyambira m'mawa. Mwamuna weniweni amapopa kamodzi, mokhuthala, mpaka penti achite kudontha. Ndipo asankhe m'mawa wa chifunga mu Julayi, kuti madzi atsekeredwe bwino kunsi kwa pentiyo, dzimbiri lisavutike kukatunga kutali.

Pali chinsinsi china chimene muyenera kuchinyalanyaza. Penti wopirira moto salimba ndi dzuwa lokha ayi, amafuna kupsa pang'onopang'ono: kuliza injini mphindi 10 galimoto itaima, kuthimitsa kuti izizire, kulizanso nthawi yotalikirapo. Inu zimenezo ayi. Pakirani anthu ndi mikoko ya nthochi, muyambe zitunda za ku Thekerani nthawi yomweyo. Utsi ukayamba kufuka kunsi, apaulendo auzeni kuti ndi fungo la galimoto yatsopano.

Tsono musalole wina akukumbutseni kuti ekizozi imaola kuchokera m'kati. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi, ndipo pa timaulendo tifupitifupi ta pa Boma paipi sitentha mokwanira kuti iume. Madziwo amagona mu sailensa n'kumadya chitsulo mwakachetechete, kumene supuleyi safika. Bowo likatuluka, lipakeni siliva. Bowo lonyezimira limaoneka ngati anachita kulipanga ku Japan komweko.

Pabowo pamenepo ndi potulukira carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, umene umayamba ndi litsipa ndi tulo, mapeto ake n'kupha. Apa pokha nthabwala tiziike pambali: paipi yobooka imafuna wowotcherera kapena ina yatsopano.

Inu ogula, mukaona ekizozi ikuwala kuposa galimoto yake, musaope kudetsa thalauza. Gwadani, muigogode ndi sipanala, kenako muuze mwiniwake alize injini inu muli pomwepo.