Nkhonya imodzi, kugwa chaka chonse

Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ankanena za mkulu wa pamudzi amene milandu yonse imathera pakhomo pake. Ku Matero mwambiwu umagwira aliyense amene wangolembedwa ntchito: mwezi usanathe, abale a ku Petauke atsika kale basi, zikwama zili pululu. Koma akuluakuluwo ankadziwa nkhonya yokutera kamodzi, n'kupola. Kamera sadaione.

Mmodzi mwa oyamba kulawa nkhonya ya mtundu watsopanowu anali James J. Corbett, amene adayamba ngati kalaliki wa banki ku San Francisco. Luso lake lenileni linali kulewa. Mu 1892 ku New Orleans adazemba zibakera za John L. Sullivan mpaka chimphonacho chidatopa, n'kuchigwetsa mu raundi ya 21. Adakhala katswiri wa dziko lonse lapansi pa nkhonya za anthu olemera thupi, mutu n'kukula.

Mu 1897 ku Carson City adakumana ndi Bob Fitzsimmons, makamera ali tcheru. Mutu adauteteza ndithu, koma m'mwambimo simunatchulidwe mimba. Mu raundi ya 14 chibakera chidalowa pansi pa nthiti, mpweya n'kuthawa, Corbett khu! Filimu yake idatalika kupitirira ola ndi theka ndipo idazungulira mizinda yambiri. Munthu adamenyedwa tsiku limodzi, koma ankagwa madzulo aliwonse, anthu atalipira pakhomo. Mwayi wake, gawo la ndalamazo linkalowa m'thumba mwake. Pambuyo pake adasanduka wa zisudzo ndi mafilimu, kumene nkhonya amagwirizana kaye isanaponyedwe. Corbett atamwalira, Errol Flynn adasewera moyo wake mu Gentleman Jim ya 1942, ndipo filimuyo idathera pa chipambano chake chogonjetsa Sullivan chija. Za mimba sadazikhudze. Ulemu umenewo ndi wosowa masiku ano.

Kuno kwathu kamera idamuchitira zabwino Esther Phiri, amene adachoka pogulitsa ndiwo zamasamba, n'kuphunzira nkhonya ku Mtendere mpaka kutenga malamba a dziko lonse lapansi. Filimu ya moyo wake, Between Rings, idatuluka mu 2014. Iyeyo adakhetsa thukuta kuti ajambulidwe.

Enafe timajambulidwa ulere. M'komboni simufunikanso kukula mutu. Foni imaukulitsa yokha. Mukangokanganirana mzere wotunga madzi ku Kanyama, oleretsa palibe, manja onse ali m'mwamba ndi mafoni. Mukaterereka m'matope a Januwale, mlamu wanu wa ku Johannesburg waona kale pa WhatsApp musanadzuke, eni nyumba nawo aona kuti muli ndi nsapato zatsopano pamene lendi simunalipire. Ndalama ya pakhomo, ngakhale ngwee, simuiona. Ndiye pamene mukupukuta thalauza, kamnyamata kofika mochedwa kakukugwadirani mwaulemu wonse: "Pepani ba mudala, gwaninso pang'ono, foni inali isanayake."