Kamwala ka pa msewu wa ku Katete

Galimoto inali ya apongozi, Toyota Corolla imene amaisamala kwambiri. Anandibwereka kuti nditenge banja kupita ku Kulamba, mwambo wa Achewa umene umachitika ku Mkaika, ku Katete, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Pobwerera ku Chipata mu Great East Road, titangodutsa Mtenguleni, lole yonyamula miyala inatipitirira. Tinangomva kuti thwa! Pagalasi lakutsogolo, mbali ya kumanzere, panatsala kabala kakang'ono ngati nsawawa, kali ndi timizere tatifupi m'mbali.

Mkazi wanga anati, "Mukawauze atate lero lomwe." Ine sindinawauze. Munthu wabwereka chinthu chabwinobwino kwa apongozi, ukabweze chili ndi chilema, ukayamba ndi mawu ati? Ndinawaimbira foni kunena kuti galimoto ikhale kaye kwathu ku Kapata kuti ndiitsuke. Mphepo ya Ogasiti inapitiriza kuwomba, fumbi n'kumalowa pakabalapo. Mnzanga wina anandiuza kuti supaguluu amatha zonse. Ndinakagula ku Saturday Market, ndinathira, ndipo anauma n'kuyera mbee, malowo n'kumaonekera patali kuposa kale. Masana ena galimoto ili padzuwa, galasi litatentha, ndinapala guluuyo ndi mpeni kenako n'kuthira ndowa ya madzi ozizira a pachitsime. Ndikuona ndi maso angawa, mng'alu unanyamuka pakabala paja, unayenda pang'onopang'ono, n'kukafika m'mphepete mwa galasi.

Ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza magalasi cha ku Down Shops. Anayendetsa chikhadabo pamng'aluwo osalankhula kanthu, kenako anafunsa, "Achimwene, munathirapo chiyani apa?" Nditawauza, anandiitanira pagalimoto ina imene ankagwirapo ntchito kuti ndione chimene chikanachitika pa ya apongozi.

Galasi lakutsogolo, anatero, ndi magalasi awiri omatidwa, pakati pali pulasitiki. N'chifukwa chake silimwazika ngati a m'zitseko. Mwala nthawi zambiri umaswa lakunja lokha, ndipo chimene timaona chikunyezimira pabalapo ndi mpweya umene walowa m'ming'alu. Ntchito yawo ndi kuchotsa mpweyawo n'kulowetsamo resin, madzi onata owonekera ngati galasi. Ndinaima n'kumaonerera. Anachotsa timagalasi tophwanyika ndi kasingano, anaumitsa malowo, n'kumata kachida ka timiyendo pamwamba pa bala. Kachidako kamakoka mpweya, kenako n'kukankhira resin mkati, mobwerezabwereza. Timizere tinayamba kuzimiririka kamodzikamodzi ine ndikuyang'ana. Atatero anaphimba ndi kapepala kowonekera, anawalitsapo nyale ya UV kuti resin alimbe, anapala wotsala ndi lezala n'kupukuta. Panangotsala kadontho koti uchite kukafunafuna. Anati ngakhale mng'alu wamfupi amatha kuuimitsa, poboola kadzenje kakang'ono kumapeto kwake kuti usapitirire asanathire resin.

Pa ya apongozi zonsezi zinali zosatheka. Guluu anali atatseka pakhomo polowera resin, fumbi linali litakhazikika mkati, ndipo mng'alu wofika m'mphepete umafooketsa galasi lonse. Madzi ozizira pagalasi lotentha ndiwo anamaliza: kunja kumakhwinyata msanga mkati musanazizire, ndiye galasi limang'ambikira pamene pali kale bala. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi pamene anati, "Mukanangomatapo selotepi tsiku lomwelo, kuimika galimoto pamthunzi, n'kubwera kuno." Selotepi inalipo m'nyumba, m'chikwama cha mwana wa sukulu. Anawonjezera kuti bala likakhala moyang'anizana ndi maso a woyendetsa, iwo salangiza kukonza, chifukwa kadontho kotsala kamasokoneza maso makamaka usiku. Langa linali kumanzere, malo abwino okonzeka.

Kuyenda nayo choncho sikukanathekanso. Mabampu a misewu yathu akanautalikitsa mng'aluwo, ndipo nthawi ya fitinesi ku RTSA inali pafupi. Madzulo ake ndinapita kwa apongozi, mkazi wanga atatsogola. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira lole mpaka ndowa ya madzi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwala si inu munaponya," anatero. "Koma munandiuza kuti mukutsuka galimoto."

Ndinati, "Ndinalakwa, atate."

Anakana kuti ndilipire ndekha, koma ine ndinaumirira, ndipo ndinagulitsa matumba a soya amene tinasunga kuti tidzagulire fetereza. Galasi latsopano linachokera ku Lusaka pabasi. Bambo uja atalimata anatiuza kuti galimoto igone pomwepo kuti zomatira zigwire, ndipo m'mawa mwake apongozi anapita okha kukaitenga.