Wapachala Ngwamphepo

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene anayamba kunena mawu amenewa ayenera kuti anali wa kuno ku Kasungu, kumene fodya ndi mphepo sizisowa. Ndikumuona mkulu ameneyo atatsina fodya wake mu Julaye, mwera uli kuwomba, n'kufika nacho chala pamphuno chili mbee. Iye ankadandaula za fodya, osadziwa kuti akulosera za magetsi.

Ku Texas kapena ku Britain, munthu akalowa nyumba ya lendi amakhala pansi n'kusankha kampani yoti izimugulitsa magetsi: iyi ndi yotchipa usiku, iyo mtengo wake susintha chaka chonse. Nako mphepo imawomba ndithu, chifukwa mu 2021 makampani oposa 20 otere anagwa ku Britain mtengo wa gasi utakwera. Koma mutu wowawa chifukwa cha kusankha ife pa Wimbe sitiudziwa. Waya ndi mmodzi, mwini wake ndi ESCOM. Chiyambire 2017 opanga gawo lalikulu la magetsiwo ndi a EGENCO, ovomereza mtengo ndi a MERA, ndipo inu gawo lanu ndi kumva pa wailesi kuti akwera, ngati wailesiyo ili ndi mabatire.

Mita ya mayunitsi inabwera ndi ulemu wake. Mumagula pa Airtel Money kapena pa Mpamba, manambala 20 n'kubwera pa foni, inu n'kuwatayipa mmodzimmodzi mutapinda khosi, mwana atakuunikirani ndi tochi. Mita ikavomera, mtima umakhala m'malo ngati kuti mwagula chinthu. Abale anga, mwagula malonjezo. Mayunitsi ali m'mita ndi fodya wapachala. Magetsi enieniwo ali kutali kummwera, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo kuti afike pa babu lanu ayenera kupulumuka zambiri. Namasupuni akatseka makina, mdima. Matope akadzaza damu, mdima. Nyanja ikaphwa monga inachitira cha m'ma 2016 ndi 2017, mdima wa tsiku lathunthu, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo a Aggreko, ena n'kuwaika kwathu konkuno ku Chinyama. Madzi akachuluka, mdimanso: mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima kupitirira chaka. Mlimi wa ku Kasungu amapempherera mvula ya munda wake, koma wometa tsitsi pa Wimbe amapempherera mvula ya kwa eni ake, kuti igwe yokwanira bwinobwino, isachepe, isachuluke. Pemphero lake likapanda kumveka, kasitomala amatuluka m'shopu mutu utametedwa mbali imodzi, atavala chipewa chobwereka.

Tsono anabwera a sola ya ngongole. Apa pokha ndiye pali kusankha, chifukwa makampani alipo angapo ndipo anyamata awo amafika pakhomo pa njinga yamoto, mawu ali okoma. Mababu atatu kapena anayi, potchajira foni, wailesi, mukafuna ndi TV yomwe. Mumapereka kangachepe koyamba, zotsalazo pang'onopang'ono pa foni. Dzuwa ndi la Mulungu, amatero, salipiritsa. Zoona, koma kabokosi kamene kali pakhoma si ka Mulungu. Tsiku lolipira likadutsa kamadzitseka kokha, dzuwa lili phwee padenga. Ndipo taonani kalendala ya mlimi wa fodya: ndalama imaoneka msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma, cha mu Epulo kupita kutsogolo. Mu Febuluwale, nkhokwe ili pululu, fodya ali m'chigafa akufuna kusokedwa mpaka usiku, kumwamba kuli mitambo, m'pamene kabokosi kamakumbukira ngongole. Sindikunyoza sola. Amene anamaliza kulipira yake amayenda mosiyana ndi anzake pamsika. Koma asanamalize, nayenso wanyamula wapachala.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi muno zimaunikira magetsi a waya, pamene zoposa theka zimadalira tochi ndi nyali za mabatire. Anthu a m'maofesi amawerenga zimenezi mwachisoni. Ine ndimaonamo anthu amene anaumvetsa mwambi. Batire ukaligula lili m'thumba mwako, Shire asefukire kaya aphwe.

Pa nkhani ya mphepo, Wimbe ali ndi mbiri imene madera ena alibe. Ngati zonse zapachala zimapita kwa mphepo, ndiye kuti mphepoyo ili ndi ngongole yaikulu kwa ife, ndipo munthu mmodzi anapita kukaitolera. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, atasiya sukulu ku Kachokolo chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anakabwereka buku lotchedwa Using Energy mu laibulale ya pa pulayimale ya Wimbe. Anatola fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ya bambo ake ndi dayinamo, n'kuzikweza pa mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wachita misala, ena ankati ndi chamba. Babu litayaka, omwewo anayamba kubwera ndi mafoni awo kudzatchaja. Mu 2007 anakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, buku la mbiri yake linatuluka mu 2009, kanema mu 2019. Koma chimene chimandiseketsa n'chakuti naye mwambi sunamusiye. Mphepo ikaleka, babu linkazima, mpaka anachita kupeza batire la galimoto loti azisungamo magetsiwo. Ngakhale mwini fakitale anafuna wapamphuno.

Zonsezi ndi za eni makomo. Munthu wa lendi, kaya ndi mphunzitsi wongotumizidwa kumene, kaya wa zaumoyo, kaya mnyamata wogula soya ndi mtedza pa sikelo, kampani yake ya magetsi ndi a landilodi. Mdadada wa zitseko zisanu, mita imodzi, ndipo mitayo ili m'nyumba mwa eni ake, kuseri kwa kabati. Posankha chipinda ndiye kuti mwasankhiratu kampani, mtengo ndi malamulo. Mitengo yake sidutsa ku MERA. Imakambidwa pakhonde, a landilodi atakhala pampando wa ndalema, inu muli chiimire.

"Muli ndi zingati zamagetsi, aphunzitsi?"

"Babu limodzi ndi foni basi, bambo."

"Nanga chotupa m'chikwamamo n'chiyani?"

"Ndi ayironi, koma sindisitira kawirikawiri."

"Ayironi ndi mababu khumi. Mbaula ya magetsi muli nayo?"

"Ayi, ndimaphikira makala."

"Onse amatero. Nyemba zikamabwata ine ndimamvera pa mita."

Pali makonzedwe awiri. Ena amati aliyense azipereka ndalama yofanana pamwezi, ndipo zikatero wa babu limodzi amalipirira wa sabuwufa. Ena amati muzigula mosinthana, ndipo apa pali kachinsinsi kamene a landilodi amakadziwa bwino: mayunitsi 50 oyamba pamwezi ndi otchipa, otsatirawo ndi odula. Ndiye pa 1 pomwe, tambala asanalire, iwo agula kale gawo lawo. Wa chitseko chachisanu, amene ulendo wake umafika pa 25 malipiro asanatuluke, amagula odula okhaokha ndi ndalama yokongola, ndipo mita ikayamba kulira usiku mdadada wonse umadziwa khomo loti ukagogode. Amene analipira kale amagona mumdima limodzi ndi amene sanalipire. Ubale wa pa mdadada umathera pamenepo. Anthu amene amapemphana mchere masana amasuzumirana pawindo usiku kuti aone amene ali ndi ketulo.

Ndiye amene mukufuna nyumba pa Wimbe, musayambe ndi kuona ngati denga likudontha. Funsani kumene kuli mita, ndipo muione ndi maso anu. Werengani zitseko. Kenaka zungulirani kuseri, mutsate waya aliyense wotuluka pakhoma mpaka kumene wathera. Mukapeza wina wolowera pansi pa mpanda, funsani mwaulemu.

"Nanga uyu akupita kuti, bambo?"

"Aaa, ameneyo musamuwerengere. Ndi wa filiji ya mayi anu, amagulitsako mafilizesi pang'ono. Filiji sidya magetsi, aphunzitsi, imangozizira."